Amugwira ndi chamba Lachisanu: tichite chiyani lisanafike Lolemba?

Funso: Ndine mayi wa ku Area 25 muno mu Lilongwe. Mwana wanga wa zaka 23, amene amayendetsa kabaza wa njinga yamoto, anagwidwa Lachisanu madzulo ali pa siteji. Apolisi anamupisa m'matumba n'kupeza mipukutu iwiri ya chamba, kenako anapita naye kunyumba imene amachita lendi ndi mnzake n'kuchita chipikisheni osaonetsa chikalata chilichonse. Atenga ndi foni yomwe. Wina watiuza kuti tikapeza ndalama nkhaniyi ithera pompo. Ine ndinamva pa wailesi kuti chamba chinaloledwa. Kodi mwanayu ali ndi ufulu wanji, ndipo ife tichite chiyani?

Yankho: Mayi, pepani ndi zimene zakugwerani. Ndiyambire pa zimene munamva pa wailesi, chifukwa mphekesera imeneyi yagoneka achinyamata ambiri m'chitokosi. Chamba chosuta sichinaloledwe m'Malawi muno. Lamulo limene aphungu anavomereza mu Febuluwale 2020, lotchedwa Cannabis Regulation Act, linaloleza kulima ndi kugulitsa chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale, ndipo chilolezocho ndi cha okhawo amene ali ndi laisensi yochokera ku Cannabis Regulatory Authority. Lamulo lomwelo limati wolima, wokonza kapena wogulitsa popanda laisensi angathe kulipitsidwa mpaka K50 miliyoni ndi kukhala m'ndende mpaka zaka 25. Zimene aphungu anakambirananso mu 2024 zokhudza chamba chathu chakonkuno zinalinso za ulimi wa laisensi. Wopezeka ndi mpukutu m'thumba amaimbidwabe mlandu pa lamulo lakale la Dangerous Drugs Act, ndipo pa chikalata cha mlandu wa mwana wanu mudzaona atalemba Regulation 4(a) pamodzi ndi gawo 19(1). Chilango chachikulu chimene gawoli limalola ndi ndende ya moyo wonse. Musataye nazo mtima zimenezi, mipukutu iwiri siyandikira kumeneko ngakhale pang'ono, koma mudziwe kuti boma silitenga mlanduwu ngati masanje. Ngakhale a chipembedzo cha Chirasta alibe chilolezo chapadera. Chigamulo cha High Court ku Zomba cha mu Meyi 2023 chinali cha ana a madiredi amene ankakanizidwa kulowa m'sukulu za boma, fodya wamkulu sanali m'nkhaniyo.

Mlandu ulipo ndithu. Komabe milandu ya chamba chochepa chonchi imapepuka kapena kulemera m'masiku awiri oyambirira, munthu asanaone n'komwe nkhope ya majisitireti, malinga ndi zimene walankhula, zimene wasaina ndi zimene abale ake achita kunja. Masiku amenewo ndi amene muli nawo m'manja panopa.

Tiyambe ndi chipikisheni. Gawo 21 la malamulo oyendetsera dziko lino limateteza munthu kuti asasechedwe m'thupi, m'nyumba kapena m'katundu wake, ndi kuti asalandidwe zinthu zake mwachisawawa. Ufuluwu uli ndi malire ake. Wapolisi amene ali ndi chifukwa chomveka choganizira kuti munthu wanyamula chinthu choletsedwa angathe kumuimitsa ndi kumusecha popanda chikalata cha khoti, ndipo aliyense womangidwa amasechedwa. Chifukwa chomveka ndi chimene wapolisiyo angathe kuchifotokoza pamaso pa khoti: wamva fungo, waona anthu akupatsirana kanthu, kapena wina wamutsina khutu. Madiredi, kavalidwe kapena kungopezeka pa siteji usiku si zifukwa zokwanira pazokha. Kumbukirani kuti mu 2017 High Court inathetsa gawo 184(1)(c) la Penal Code, lija la vakabu, ndipo mu 2022 inagamulanso kuti mchitidwe wosesa anthu mwachisawawa n'kuwaunjika m'galimoto ya polisi ndi wosemphana ndi malamulo. Mkazi amasechedwa ndi mkazi mnzake basi, mosamuchotsera ulemu.

Kulowa m'nyumba ndi nkhani ina. Njira yoongoka ndi yoti apolisi atenge chikalata kwa majisitireti, chotchula malo ndi chimene akukafuna, n'kuchionetsa kwa mwini nyumba asanalowe. Koma gawo 35 la Police Act ya 2010 linapereka mpata wochita chipikisheni popanda chikalatacho ngati kudikira kungachedwetse kapena kusowetsa umboni. Mpatawu unabwera ndi zoyenera kutsata: wapolisiyo akhale wa udindo wa Sub-Inspector kapena woposerapo, ayambe walemba zifukwa zake ndi chimene akukafuna, ndipo zolembazo zitumizidwe kwa majisitireti. Wokhala m'nyumbamo ali ndi ufulu wopempha kope la zolembazo. Pemphani, ndipo ngati palibe chimene chinalembedwa, loya adziwe.

Pano ndikuuzeni chimene ambiri sakonda kumva. Chipikisheni chopanda dongosolo sichipha mlandu pachokha. Makhoti athu ali ndi mphamvu yokana umboni wopezeka molakwika, koma kawirikawiri chamba chikaikidwa pa tebulo la khoti amachilandira. Kulakwitsa kwa apolisi kumathandiza pena: pokayikitsa ngati chinthucho chinapezekadi pamene akunenapo, ndani anaona, ndani anachinyamula mpaka kupolisi, komanso pa madandaulo ndi chipukutamisozi pambuyo pake. N'chifukwa chake munthu akamasechedwa asalimbane, asathawe, asakankhe dzanja la wapolisi, pakuti kumenya kapena kutsekereza wapolisi pa ntchito ndi mlandu wina umene ungalemere kuposa wa mipukutu iwiriyo. Anene momveka, anthu akumva, kuti sakuvomereza chipikishenicho koma sakutsekereza. Afunse dzina ndi nambala ya wapolisiyo, makamaka akakhala kuti sanavale yunifolomu, ndipo aime poti aziona manja a wosechayo.

Chachikulu pa zonse ndi pakamwa. Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko limati womangidwa auzidwe msanga, m'chinenero chimene amamva, chifukwa chimene wamangidwira, kuti ali ndi ufulu wokhala chete, ndi zotsatira za chilichonse chimene anganene. Limatinso asakakamizidwe kuvomera mlandu. Dzina lake, kumene amakhala ndi m'bale woti adziwitsidwe, zimenezo anene, zimamuthandiza pa belo. Koma mafunso oti wachigula kuti, amapatsa ndani, anayamba liti, angathe kuyankha kuti, "Bwana, ndiyankha loya akabwera kapena kukhoti." Kutero si mwano, ndipo kukhala chete si umboni woti munthu wapalamula.

Chimene chimagwetsa ambiri ndi sitetimenti. Wofufuza mlandu amakhala ndi womangidwa pa tebulo, amamuchenjeza, amalemba, nthawi zina m'Chingerezi, kenako amamupatsa cholembera kapena inki yodindira chala. Munthu amene wagona pa simenti usiku wonse, m'mimba muli pululu, akauzidwa kuti "ungosaina uzipita kwanu" amasaina osawerenga. Tsono gawo 176 la Criminal Procedure and Evidence Code, lamulo la kazengedwe ka milandu ndi umboni, limalola khoti kulandira sitetimenti yovomera mlandu ngakhale mwini wake atanena kuti anaipereka mokakamizidwa. Khoti limangoyenera kukhutira kotheratu kuti mawuwo ananenadi ndi iye ndipo ndi oona. Gawo limeneli odziwa malamulo ambiri amalidandaula, ndipo ine ndimaona kuti silimwerana madzi ndi gawo 42, koma lidakali m'buku. Kwa mwana wanu tanthauzo lake ndi lakuti pepala losainidwa Loweruka ndi lovuta kulikana Lolemba.

Mawu ochepa chabe amasintha nkhope ya mlandu. "Ndimasuta" ndi "ndimagawirako anzanga pa siteji" si zinthu zofanana pamaso pa khoti, chachiwiricho chikumuika m'gulu la ofalitsa. Akasankha kupereka sitetimenti, ilembedwe m'Chichewa kapena amuwerengere m'Chichewa mzere ndi mzere, akonzetse polakwika, asasiye mpata wopanda kanthu pakati pa mawu omaliza ndi siginecha yake, ndipo asasaine pepala losalembedwa. Ngati wasaina kale, musamukalipire. Mufunseni mofatsa zimene ananena, amene analipo, ndi ngati anamenyedwa kapena kulonjezedwa kanthu. Mulembe zonsezo mukapatse loya.

Gawo 42 lomwelo limati womangidwa akaonekere kukhoti pasanathe maola 48, apo ayi amasulidwe. Kawerengedwe kake ndi aka. Ngati anamangidwa Lachisanu 6 koloko madzulo, maola 48 akutha Lamulungu 6 koloko madzulo. Poti limenelo si tsiku la khoti, lamulo limakankhira ku tsiku loyamba limene khoti litsegule, ndiye Lolemba, ndipo Lolembalo likakhala holide ndi Lachiwiri. Kumangidwa Lachisanu kumawawira pamenepa. Koma tsiku limenelo likadutsa asanapite naye kukhoti, kumusunga kumakhala kuphwanya lamulo, ndipo mawu oti "tikufufuzabe" kapena "galimoto ilibe mafuta" sasintha kanthu. Nthawi imene anafika naye imalembedwa m'buku la OB pa kauntala, buku limene apolisi amalembamo zonse zochitika pa polisipo. Funsani nambala yake ndi nthawi imene inalembedwa, chifukwa mkangano wa maola umakathera m'bukumo.

Musadikire Lolemba kuti mupemphe belo. Mlandu wa chamba suli m'gulu la milandu imene apolisi sangapereke belo, ndipo lamulo limati munthu amasulidwe pokhapokha ngati chilungamo chikufuna kuti asungidwe. Zimene amayang'ana, potsata Bail Guidelines Act, ndi monga ngati angathawe, ngati angasokoneze mboni kapena umboni, ndi ngati angaike anthu ena pa chiopsezo. Pitani kwa mkulu wa polisiyo, amene timati OC, kapena wachiwiri wake, osati kwa aliyense wokupezani panja pa geti. Tengani anthu awiri okhazikika, okhala ndi ziphaso za unzika ndi malo odziwika, amene angalonjeze kuti mwanayo adzafika kukhoti. Kalata ya amfumu a m'dera lanu kapena ya wapampando wa siteji ya kabaza imathandiza kusonyeza kuti si munthu wosowa kwawo.

Belo ya kupolisi ndi yaulere, palibe ngakhale tambala imene muyenera kupereka. Ndalama imene wina wakuuzaniyo ndi chiphuphu, ndipo pa lamulo la Corrupt Practices Act wopereka ndi wolandira onse ndi opalamula. Kupatula apo, ndalamayo sigula chimene mukuganiza. Dzina likalowa m'buku ndipo fayilo ikatsegulidwa, wolandira ndalamayo nthawi zambiri alibe mphamvu yoitseka. Mwana angatuluke lero, pakatha mwezi n'kudzatengedwanso ngati wothawa mlandu, inu mulibe lisiti, mulibenso kokadandaula poti nanunso mwalowamo. Chenjeraninso ndi anthu ozungulira pa mageti a polisi ndi a khoti odzitcha othandiza, ena mwa iwo sagwira n'komwe ntchito kumeneko. Wokupemphani ndalama muuzeni mwaulemu kuti mukufuna kuonana ndi OC. Akaumirira, lembani tsiku, nthawi ndi mawu ake mukanene ku Anti-Corruption Bureau. Belo ya kukhoti ndiyo ingathe kukhala ndi ndalama ya chikole, koma imalipidwa ku ofesi ya khoti, amakupatsani lisiti ya boma, ndipo imabwezedwa mlandu ukatha ngati munthuyo sanajombe. Lisitiyo muisunge pamodzi ndi ziphaso zanu.

M'masiku amenewa ali ndi ufulu woonana ndi m'bale, m'busa kapena shehe, dokotala ndi loya, ndipo ndi loya azilankhula paokha. Mupititsireni chakudya ndi chofunda. Ngati amamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, monga ma ARV, a khunyu kapena a shuga, nenani pa kauntala lero lomwe mutanyamula buku lake la kuchipatala. Polankhula naye pa chitokosi musakambe za kumene chambacho chinachokera, pamenepo omvetsera amachuluka. Ngati ndalama ya loya palibe, pitani ku Legal Aid Bureau, imene likulu lake lili mu Lilongwe momwemuno ndipo ntchito yake ndi kuimira anthu osowa. Aliponso ma paralegal, othandiza pa za malamulo amene si maloya, a bungwe la PASI (Paralegal Advisory Service Institute), amene amayendera zitokosi, makhoti ndi ndende monga ya Maula. Iwowa saimira munthu pa mlandu, koma amadziwa kulondola fayilo ndi kuthandiza kupempha belo.

Foni ndi china chilichonse chimene atenga zilembedwe pa mndandanda, mwini wake asaine ataona kuti zonse zilipo: mtundu wa foni, ndalama zingati, makiyi a njinga. Zosakhudzana ndi mlandu ziyenera kubwezedwa, zokhudzana nawo zimadikira lamulo la khoti. Mauthenga a m'foni amatetezedwanso ndi gawo 21, choncho akauzidwa kuti aitsegule angathe kupempha kuona chikalata cha khoti ndi kuti loya akhalepo. Inu kunja kuno musayese kufufuta kapena kubisa kanthu, kuwononga umboni ndi mlandu.

Mnzake wa m'nyumba uja naye akhale tcheru. M'malamulo athu "kupezeka ndi chinthu" sikutanthauza cha m'thumba chokha. Chimene munthu wasunga pamalo ena, kapena chimene mnzake wasunga iye akudziwa ndi kuvomereza, chimawerengedwa kuti ndi cha onse awiri. Pagona nkhani ndi pa kudziwa, boma liyenera kusonyeza kuti munthuyo ankadziwa. Apa ndi pamene akabaza, madalaivala a minibasi ndi makondakitala amakodwa: anyamula chikwama cha wina wochokera njira ya ku Nkhotakota, pofika pa lodibuloko mwini chikwama wazemba, iwo n'kutsala akufotokoza katundu amene sanamutsegule.

Kukhoti adzamuwerengera mlandu n'kumufunsa ngati akuvomera kapena akukana. Ali ndi ufulu womva zonse m'Chichewa kudzera mwa womasulira. Asavomere chifukwa chongofuna kuti zithe, pakuti mbiri ya mlandu imatsala. Zidindo za zala zimasungidwa, ndipo tsiku limene adzafune kalata ya kupolisi yofunsira ntchito kapena yopitira kunja zidzatulukira. Akakana, boma liyenera kutsimikiza mosasiya chikayiko kuti chinthucho ndi chambadi ndi kuti chinali m'manja mwake iye akudziwa. Choyambacho sichitsimikizidwa ndi mphuno ya wapolisi. Kuno ku chigawo chapakati chamba chimatumizidwa ku Chitedze Research Station kuti akatswiri achiyeze n'kulemba lipoti. Lipotilo alione, ndipo aonetsetse kuti kulemera kumene kukunenedwa kukugwirizana ndi mipukutu iwiri, chifukwa chilango chimatsata sikelo. Magalamu ochepa osuta yekha ndi matumba odzaza galimoto sizilandira chilango chofanana.

Ngati chambacho chinalidi chake ndipo umboni uli poyera, kuvomera msanga kuli ndi phindu lake, makhoti amachepetsa chilango kwa wovomera. Koma avomere atalankhula kaye ndi loya kapena paralegal, ndipo atchere khutu pamene woimira boma akuwerenga mmene zinachitikira. Akamva zimene sizinachitike, monga zoti ankagulitsa, anene pomwepo kuti mbali imeneyo sakuivomera. Majisitireti saloledwa kulemba kuti munthu wavomera asanakhutire kuti akumvetsa zotsatira zake ndipo akuvomera zonse zimene zawerengedwa.

Akapezeka wolakwa amapatsidwa mpata wodandaula chilango chisanaperekedwe, ndipo ambiri amangoti "ndilibe mawu" chifukwa cha mantha. Mpata umenewu asautaye. Gawo 340 la Criminal Procedure and Evidence Code limati wopalamula koyamba asatumizidwe kundende pokhapokha khoti litalemba zifukwa zomveka zosonyeza kuti palibe njira ina yomulangira. Njira zinazo zilipo: chindapusa, chilango choimikidwa, ntchito yothandiza anthu m'dera, ngakhale kumasulidwa ndi chenjezo. Anene zaka zake, kuti aka ndi koyamba, kuti chinali chochepa, kuti pali anthu amene amadya kuchokera pa njingayo, ndi kuti sanavutitse apolisi. Akalamulidwa chindapusa, yesetsani kulipira ku ofesi ya khoti tsiku lomwelo, chifukwa wolephera kulipira amakagona ku Maula.

Belo ikakanidwa n'kupita pa limandi, muziwerenga masiku. Pa milandu yozengedwa ndi majisitireti munthu sayenera kusungidwa kupitirira masiku 30 mlandu usanayambe, pokhapokha boma litapempha khoti kuti liwonjezere. Belo yokanidwa kwa majisitireti ingakapemphedwenso ku High Court. Chilango chikapyola muyeso pali apilo, ndipo kalata yodziwitsa khoti kuti muchita apilo iperekedwe pasanathe masiku 10. Apilo ndi kuunikanso milandu zimagwira ntchito: mu 2022 mnyamata wina wa ku Blantyre amene anapezeka ndi matumba ambiri a chamba analamulidwa zaka 8, High Court n'kuchepetsa kufika zaka 3.

Ngati wamenyedwa, dziwani kuti gawo 19 la malamulo oyendetsera dziko limaletsa kuzunza munthu, ndipo palibe mlandu umene umaloleza zimenezo. Apemphe kupita kuchipatala kuti lipoti la dokotala lilembedwe mabala asanapole, ndipo pofika kukhoti auze majisitireti ndi kuonetsa mabalawo kuti zilowe m'kaundula. Madandaulo mungakatule ku Independent Complaints Commission, imene inakhazikitsidwa pansi pa Police Act kuti izifufuza zolakwa za apolisi, kapena ku Malawi Human Rights Commission. Akanakhala wosakwana zaka 18 bwenzi zikuyenda mwina, potsata Child Care, Protection and Justice Act ya 2010: makolo amadziwitsidwa, sasakanizidwa ndi akuluakulu m'chitokosi, ndipo nkhani ingathe kupatutsidwa osafika pozengedwa. Wa zaka 23 amayankha yekha ngati munthu wamkulu.

Akatuluka mukhale naye pansi pa nkhani ya njingayo, chifukwa kuyendetsa ataledzera chamba ndi mlandu wina pa malamulo a pamsewu, ndipo kumbuyo kwake amakhala atanyamula mwana wa eni.

Belo ya kupolisi ikalephereka, Lolemba mulawirire kupolisiko galimoto ya omangidwa isananyamuke, mufunse khoti limene akupita naye. Si milandu yonse ya mu Lilongwe imene imapita ku Area 3, ina imapita ku Mkukula ku Lumbadzi, ndipo mukasochera mungafike dzina lake litaitanidwa kale popanda womuimirira. Anthu awiri aja akhale nanu ali ndi ziphaso zawo, munyamule kalata ya amfumu, buku la kuchipatala ngati lilipo, kapepala kamene mwalembapo nambala ya OB ndi nthawi imene anamangidwa, ndi kandalama ka chikole kapena ka chindapusa koti mukapereke pa kauntala ya khoti pokha, lisiti ili m'manja.